Boti lathu tinalisunga m'madzi

Lachiwiri lapitali ndinaboola boti lachitsulo ndi chala.

Musaseke. Ine ndine mphunzitsi, ndipo chala changa chachikuluchi ntchito yake ndi kugwira choko ndi kudina foni basi. Koma nditangotsindira pansi pa botilo, chala chinalowa ngati ndikuboola papaya lakupsa, n'kutulukira kuseri. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe bwinobwino kuti mundimvetse.

Ndimagwira ntchito pa boma la Nsanje, koma kwathu ndi kuchilumba, kumunsi uko mukamalowera ku Marka. Mbali imodzi kuli Shire weniweni. Mbali inayo kuli kamtsinje kopatuka, komwe m'chilimwe kamaphwa mpaka kulekeza m'mawondo, moti timangopinda mathalauza n'kuwoloka wapansi. Mvula ikagwa kumtunda, kamtsinje komweko kamakula, kamathamanga, kamanyamula mitengo yathunthu. Kuyambira pamenepo mpaka madzi atatsika, wofuna chigayo, msika kapena chipatala amadalira boti la mudzi. Botilo ndi limodzi, ndipo amaliyang'anira ndi amalume anga, a Thole.

Pachilumba pomwepo pali mlongo wanga Esinati. Ali ndi pakati, ndipo masiku ake akwana mu Januwale, mwezi womwe madzi amakhala atalusa. Mwana wake woyamba anabadwa pa opaleshoni, ndipo anamwino anamuuza mosapsatira kuti uyu asayerekeze kuchilira kunyumba. Ndiye mukamawerenga za botili, dziwani kuti ine ndikuona mlongo wanga atakhala m'menemo.

Amalume anandiimbira foni Lolemba.

"Aphunzitsi, mawa mubwere mudzatithandize kuvuula boti. Mitambo yayamba kusonkhana."

Mawu akuti kuvuula sindinawaganizire kawiri. Ndinapita. Nditafika padoko ndinapeza amuna angapo ali m'dziwe lakuya lomwe silimaphwa, madzi akulekeza m'chifuwa, akutulutsa miyala ikuluikulu. Atatha anamanga chingwe, tonse tinakoka. Boti linatuluka pang'onopang'ono, lodzaza matope ndi ndere. Tinakapa madzi, ndipo madzi omalizawo anali ofiira ngati dothi la katondo. Apa m'pamene ndinawerama n'kutsindira pansi ndi chala.

Ndinatembenukira kwa amalume.

"Amalume, botili lakhala m'madzimu nthawi yaitali bwanji?"

"Kuyambira Juni. Chaka chino ndi chachitatu tikuchita choncho."

"Munalimiza dala?"

"Nanga tikanalisiya padzuwa? Dzuwa lakunoli mukulidziwa inu. Chaka chija tinalisiya pamtunda linayamba kung'aluka khungu lonse, n'kumasupuka. Ndinati nkhabe, ayi ndithu, chinthu cha mudzi chisafe ine ndikupenya."

Amalume sanachite ulesi, sanabe kanthu, sanaledzere. Anachita zomwe bambo awo anawaphunzitsa.

Inu a kumtunda mwina simukudziwa. Bwato losema pamtengo, lomwe kwathu timati mwadiya, mdani wake wamkulu ndi dzuwa. Ukalisiya pamtunda mwezi wa Okutobala limang'ambika, ndipo mvula ikabwera umapeza uli ndi nkhuni m'malo mwa bwato. Ndiye mwini bwato wanzeru, ntchito yowolotsa ikatha, amalidzaza madzi, kulitsindira ndi miyala n'kulimiza m'dziwe. Mtengo ukakhala m'madzi umatupa, ming'alu imatsekeka, ng'ombe sizilipondaponda, wakuba saliona. Munthu womiza mwadiya wake ndiye ankatchedwa wosamala.

Amalume ataona penti ikung'aluka, anaona bwato likung'aluka. Anachita changu kulipulumutsa, ndipo kwa zaka zitatu akhala akulidyetsa dzimbiri.

Mufunsa kuti, kodi palibe anawauza kuti chitsulo sichifuna madzi? Funso limeneli ndi lomwe likundifikitsa kwa a Jowaki.

Aliyense wa kuchigwa kuno amene ali ndi imvi ziwiri zitatu akuikumbukira kampani ya Jowaki ndi Ana. Mwini wake anali wowotcherera zitsulo ku esiteti ya nzimbe. Chaka china madzi atasefukira koopsa, anthu atagona m'mitengo ndi pa zulu, iwo anasiya ntchito, nagula makina owotcherera akale, n'kuyamba kupanga boti pansi pa mtengo wa bwemba. Anthu ankawaseka. Chitsulo chiyandama bwanji? Boti loyamba litayandama, litanyamula anthu ndi njinga zawo ndi mbuzi pamwamba, oseka aja ndi amene anayamba kukanganirana malo okhala.

Kenako kunabwera mabungwe othandiza pa ngozi za madzi. Ankafuna maboti, ndipo ankawafuna msanga. A Jowaki anachoka pansi pa bwemba n'kumanga shedi yaikulu m'mphepete mwa mtsinje. Analemba ntchito anthu ambiri. Amayi anayamba kugulitsa mandasi ndi nsomba zokazinga pageti. Ukamadutsa pamsewu unkamva nyundo zikulira, n'kuona kuwala kwa moto wowotcherera ngakhale masana. Tinkanyadira, ndisaname. Kwa nthawi yoyamba chinthu chopangidwa kwathu kuno chinkakwezedwa pa lole kupita kwina, m'malo moti ife tizingolandira zochokera ku Blantyre.

Mudzi wathu nawo unasonkha. Wina anapereka mbuzi, wina thumba la mapira, wina ndalama za thonje, mpaka boti linafika. Tsikulo amayi anavina padoko.

Chokoma kwambiri chinali ichi. Chaka chilichonse madzi akatsika, anyamata a kampani ankabwera kudzatenga boti. Ankakalipala, kuwotcherera mofooka, kulipaka penti, n'kulisunga mu shedi mpaka Novembala. Linkabwerera likunyezimira. Ife ntchito yathu inali kukwera basi. Zomwe ankalichita kumeneko palibe anafunsa, ndipo palibe anatiuza.

Kugwa kwa kampaniyo anthu amakufotokoza mosiyanasiyana, malinga ndi amene akukuuzani ndi mowa umene wamwa. Zomwe tonse tinaona ndi maso ndi izi. A Jowaki anatenga ngongole kubanki kuti apange chombo chachikulu chonyamula katundu, choti chizitsika ndi Shire mpaka ku Mozambique. Chili mkati mopangidwa, mabungwe aja anachepetsa kugula maboti, poti midzi yambiri inali italandira kale, ndipo maso awo anali atayang'ana kwina. Kwacha inagwa, mtengo wa chitsulo unakwera. Mtsinje nawo unadzaza mchenga ndi namasupuni, moti ngakhale chombocho chikanatha, sindikudziwa kuti chikanadutsa pati. Antchito anayamba kulandira theka, kenako malonjezo okhaokha. Tsiku lina kunabwera anthu otumidwa ndi khoti, anakweza makina pa lole, n'kukhoma geti ndi loko wawo.

Mukudziwa zomwe tinachita ife? Tinaseka. Tinati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tinati ankadzimva, galimoto ziwiri za chiyani munthu mmodzi. Ine ndemwe ndinanena nawo zimenezi mu ofesi ya aphunzitsi, tiyi ali m'manja. Sindinaganize n'komwe kuti pamene geti lija linkakhomedwa, boti lomwe mlongo wanga amakwera linatsala lopanda dokotala.

Lachinayi nditaweruka ndinawafunafuna a Jowaki. Sanavute kupeza. Ali kuseri kwa msika, pa kakhumbi ka malata anayi, akuwotcherera njinga za kabaza ndi mafelemu a mawindo. Makina akugwiritsa ntchitowo ndi obwereka. Munthu wachepa thupi, tsitsi layera, koma manja akadali omwe aja.

Ndinawapatsa moni, n'kuwaonetsa chithunzi cha bowo lija pa foni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchikulitsa ndi zala zakuda ndi mwaye.

"Ili ndi la kuchilumba, la a Thole," anatero. "Ndinalipanga ndekha ili. Lakhala kuti?"

Ndinawauza. Anakhala pansi pa chitini chopanda kanthu n'kugwira mutu.

"Analimiza ngati mwadiya?"

"Zaka zitatu, bambo."

"Mayo ine. Aphunzitsi, maboti aja ndinkawapanga ndi chitsulo chopyapyala dala, kuti apepuke, anthu azitha kupalasa opanda injini. Moyo wake wonse unali pa penti. Likanangokhala pamtunda, atalivundikira pa mitengo, pansi pa mthunzi. Basi. Dzuwa silipha chitsulo."

"Nanga bwanji simunawauze?"

Ndinafunsa mokalipa, ndikuvomera. Iwo sanakwiye.

"Ndikanawauza, akanabweranso kwa ine chaka chamawa? Kukonza kuja ndi komwe kunkalipira antchito miyezi yopanda oda. Ndinkati nzeru imeneyi ikhale mu shedi mwanga. Ndinkayesa kuti shediyo idzakhalapo mpaka kale."

Ndinawapempha kuti apite akaliwotcherere, ndalama ya ulendo ndi ya ntchito ndipereka ine. Anapukusa mutu.

"Nkhabe. Dzimbiri siliwotchereka. Ukayandikiza moto pamenepo bowo limangokula. Lofunika ndi kudula pansi ponse n'kuika chitsulo chatsopano, ndipo zimenezo zimafuna makina opindira omwe anapita pa lole aja. Pano ndingakupangireni mpando wa njinga, osati boti."

Kenako nawo anandifunsa funso.

"Kodi ndi a Thole okha akuchita zimenezi? Maboti aja ndinagulitsa kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka. Onse amene anawalandira ndi ana a anthu a miyadiya."

Yankho lake sindikulidziwa. Inu mukulidziwa? Ndi midzi ingati yomwe sabata ino ikuchotsa miyala m'dziwe, ikukoka chingwe, ikukondwa kuti boti lasungika bwino? Ndi angati amene adzatsindire pansi ndi chala asanakweze anthu?

Potsanzikana anandipatsa kanyundo kakang'ono. Anati aliyense amene ali ndi boti la Jowaki aligogode pansi ponse, malo ndi malo. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwee. Chakufa chimangoti phu, ngati ukugogoda dzungu. Ndinati takhuta, zikomo wa kwathu, n'kuika kanyundoko m'chikwama cha mabuku.

Pobwerera ndinadzera ku shedi ija. Denga anasasula kale. Chombo chachikulu chija chikadali pomwepo, chafiira ndi dzimbiri, mbuzi zikubisala dzuwa kunsi kwake. Ogula zitsulo zakutha ayamba kuchidula kumbuyo.

Tsopano tiyeni tikambirane, ine ndi inu, chifukwa nkhaniyi si ya boti lokha.

Ife a kuchigwa tazolowera kulandira. Sindikunyoza, nanenso ndakhalapo pamzere wa ufa madzi atatenga munda. Koma taonani mmene timalandirira. Chinthu chikafika timavina, timajambulitsa, timathokoza alendo. Za kasamalidwe kake timati eni ake akudziwa. Pitani mukawerenge mijigo yomwe inafa chifukwa cha kalabala kamodzi. Pitani mukaone mapampu a dzuwa omwe akungokhala m'madimba poti amene anawaika anasintha nambala ya foni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ife timaona ngati kufunsa mafunso pa chinthu chopatsidwa ndi mwano.

Eni ntchito nawo ali ndi mlandu wawo. Mmisiri wa kwathu kuno amabisa luso ngati mankhwala. Amaopa kuti akaphunzitsa wina, mawa adzagona ndi njala. Mantha amenewo ndikuwamvetsa. Koma kampani imafa, abale anga, ngakhale yaikulu bwanji. Banki ikabwera imatenga makina, malata ndi galimoto. Nzeru yomwe inali m'mutu mwa mwini wake siilembedwa pa mndandanda wa katundu, imangopita naye kuseri kwa msika kukawotcherera njinga.

Chomwe chikundiopsa kwambiri n'chakuti kumbuyo kulibe kobwerera. Maboti achitsulo atabwera, osema miyadiya tinawasiya. Tinkati zimenezo ndi zachikale, zogubuduzika ndi mvuu. Achikulire amene ankadziwa kusankha mtengo ndi kuusema ambiri anatisiya, ndipo ana awo anapita kukapalasa kabaza. Mitengo ikuluikulu ya mtondo yomwe inkatulutsa bwato lonyamula banja lonse inapita ku makala. Miyadiya yomwe yatsala ndi ting'onoting'ono ta asodzi, toti munthu mmodzi ndi ukonde wake. Mayi wodwala simungamugoneke m'menemo madzi akuthamanga.

Ndiye chakale tinataya, chatsopano tinachiwononga pochisamala mwachikale. Tili pakati pa mtsinje.

Ndipo mlandu wanga ine ndisaubise. Zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikuwoloka kamtsinje kaja wapansi m'chilimwe, nsapato zili m'manja, kudutsa pafupi ndi dziwe lomwelo. Ndimaphunzitsa ana za dzimbiri m'kalasi, ndi msomali woviika m'botolo la madzi. Sindinafunsepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti, kodi amalume, boti lili kuti?

Loweruka m'mawa Esinati anandiimbira, mawu ake ali osangalala.

"Achimwene, musadandaulenso. Boti lachira."

"Lachira bwanji?"

"Amalume amata. Atsekapo ndi chigamba cha nsanza, n'kusungunulirapo phula ndi pulasitiki. Aliyesa m'dziwe, silikulowa madzi ngakhale dontho."

Ndinatseka maso. Umu ndi mmene timamatira mwadiya, ndipo pa mwadiya zimagwira, chifukwa mtengo wozungulira bowolo umakhala wolimba. Apa amata malo omwe chala changa chinalowa. Kwina konseko ndi chitsulo chomwe chija, chomwe chinagona m'dziwe limodzi zaka zitatu. Ngati chinagonja ndi chala chogwira choko, chidzatani chikadzakumana ndi chigobo cha mtengo chothamanga ndi madzi a Januwale?

"Achemwali, tamverani. Longedzani katundu. Ndibwere mawa ndidzakutengeni pamene kamtsinje kakadali kowolokeka wapansi. Chipinda chilipo kunyumba kuno, chipatala chili pafupi. Mwana mubwere naye."

"Mawa? Inu achimwene, Januwale ndi kutali. Alamu anu ali ku esiteti, amabwera pakutha pa mwezi. Ndikachoka pano, munda adzala ndani? Mukufuna ndidzabwerere ndi khanda kudzadya nyika?"

Nyika, kwa inu osadziwa, ndi timizu ta m'madambo tomwe timakumba kukagwa njala. Esinati anadyapo, ndipo analumbira kuti ana ake sadzalawa. Sindingamunene kuti ndi wouma mutu. Akuwerengera njala yomwe akuidziwa, ine ndikuwerengera madzi omwe sanafike.

"Ndiye mubwera liti?"

"Ndikangodzala. Mvula yoyamba ikagwa, masiku atatu ndatha, kenako ndibwera."

Mwaimva nkhani yake? Kuti adzale, mvula iyenera kugwa. Koma mvula ya kwathu sigwa pa munda wa Esinati pokha. Imagwanso ku mapiri a Thyolo ndi Mulanje, imagwa ku Mwanza, ndipo madzi onsewo njira yawo ndi imodzi. Zaka zina kamtsinje kaja kamatenga sabata ziwiri kuti kadzaze. Zaka zina timadzuka m'mawa n'kupeza kadzaza, kwathu kusanagwe ngakhale dontho. Mvula yomwe akudikira kuti adzale ndi yomweyo idzatseke njira ya wapansi, n'kumusiyira boti la chigamba.

Ndayesa zomwe ndingathe. Ndalankhula ndi alamu anga kuti apemphe tchuthi adzadzale okha, akuti ayesa, koma ino ndi nthawi yomwe akapitawo salola munthu kuchoka. Ndapita ku ofesi yoona za ngozi, andilembera dzina la mudzi m'buku, n'kundiuza kuti midzi yodandaula za maboti ndi yambiri. Kanyundo kaja ndakatumiza kwa amalume ndi wakabaza. Andiyankha kuti agogoda, ndipo boti likulira bwinobwino. Kaya ndi ngwee, kaya ndi phu, pa foni sindingamve. Munthu amene analisunga ndi mtima wake wonse ndi wovuta kumuuza kuti analipha.

Inu amene mukuwerenga muli m'mphepete mwa Shire, kapena muli ndi abale kumeneko, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Musadikire kuti wina abwere ndi galimoto kudzakuuzani. Imbani foni lero, funsani kuti boti la mudzi lili kuti. Akakuuzani kuti lili m'madzi, lasungika bwino, nyamukani. Kalivuuleni, kaligogodeni ndi mwala ngati nyundo palibe, katsindireni ndi chala. Kuli bwino chala chanu chilowe padoko kusiyana ndi kuti madzi adzalowe pakati pa mtsinje.

Pamene ndikulemba izi, kum'mawa kwada. Mphepo yasintha, ikubwera ndi fungo la dothi lonyowa kuchokera kutali. Anansi anga atulutsa mbewu pakhonde, akusankha, akuseka. Ana akuthamanga pabwalo akuimbira mitambo.

Ine ndine mwana wa mlimi. Moyo wanga wonse, ikafika Novembala, ndakhala ndikuyang'ana kumwamba n'kupempha kuti igwe. Lero ndaima pakhomo, foni ili m'manja, nambala ya Esinati ikuitana osayankhidwa, ndipo ndikudziwa kuti ali kumunda akukonza mizere.

Mulungu andikhululukire, chaka chino ndikupempha kuti mvula ichedwe.